Makiyi a Mwezi wa Ogasiti

Ndimawadziwa ndi kulira kwa mateyala a masutikesi.
Ena amalira ngati kamwana ka mbuzi,
ena amakhosomola pamiyala ya ku Linnanmaa,
ndipo ine Tuulikki,
zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri pazenera lomweli ku Oulu,
ndimakhala nditayala kale makiyi patebulo,
aliyense m'envelopu yake,
mayina ena nditalemba mopotoka.

Yunivesite inandipatsa pepala la zoti ndizinena:
kumene kuli banki, nambala ya basi,
mabotolo atayidwe uku, mapepala uko,
phokoso lithe ikamakwana teni koloko usiku.
Pepalalo silinena zoti ndichite
mnyamata wa ku Shiraz akaima pakhomo
atafumbata kiyi ngati dzira
n'kufunsa, "Kodi m'chipindamo muli ndani?"
Mulibe munthu, Farrokh.
Muli bedi losayala ndi iweyo.
Akuti chibadwire sanagonepo
posamva kupuma kwa munthu wina.

Amandiuza za kwina kumene anadutsa.
Bolormaa akuti ku Kyoto anawalowetsa m'kanyumba kogwedezeka
kuti maondo aphunzire chivomerezi chisanabwere.
Yaretzi akuti kwawo ku Puebla mlendo sangafike pasukulu
osadyetsedwa mpaka kumasula lamba,
azakhali a mnzake n'kumufunsa ngati ali pabanja.
Amandiyang'ana, kudikira kuti ife tili ndi chiyani.

Ife tili ndi chete.
Tili ndi khofi wowawa, switi wakuda wamchere
amene amamulavulira m'manja mwaulemu,
ndi kagalasi konyezimira kopachika pajekete.
"Ka chiyani?" amaseka,
popeza mu Ogasiti dzuwa limakana kukagona.
Sungani, ndimatero. Mudzakafuna.

Novembala akafika saseka.
Mdima umalowa anthu asanamalize chakudya chamasana,
umakhala pampando, umavula nsapato.
Pamenepo ndiye kulandira alendo kumayamba,
zikwangwani za "Takulandirani" zitachotsedwa kalekale,
akuluakulu olankhula pamaikolofoni atabwerera m'maofesi.
Ndimatsegula chipinda chapansi
mmene muli majekete a amene anapita.
Yaretzi anatenga lofiira la mtsikana wa ku Hanoi,
m'thumba anapezamo tikiti ya basi ndi batani.
Farrokh ndinamuphunzitsa kuyenda pachipale:
phazi lonse pansi, mapazi afupiafupi,
ngati wanyamula madzi odzadza m'beseni.
Anagwa kanayi. Kachisanu anandigwetsa ine.

Si onse amene ndinawasunga.
Adwoa wa m'chipinda 214
ankapereka moni kwa aliyense pamasitepe,
anthu n'kumayang'ana nsapato zawo.
Sitidana naye, ndimafuna kumuuza,
kungoti pakamwa pathu pamaundana msanga.
Ndinati ndimuuza mawa.
Mu Januwale ndinapeza envelopu pansi pa chitseko:
kiyi, kagalasi kaja,
ndi dzina lake atalilemba bwinobwino,
chilembo chilichonse pachokha,
pamwamba pa pomwe ine ndinalakwitsa.

Envelopuyo ili m'dirowa mpaka lero.

Chaka chino pepala la yunivesite lakula,
awonjezera tsamba la mafoni ndi mapu.
Ine ndawonjezera mpando pafupi ndi zenera.
Ndimafunsa dzina kawiri,
ndimalitchula mpaka mwiniwake atasiya kumwetulira mondimvera chisoni.

Farrokh wavala malaya achikasu a olandira anzawo.
Ndikumuona pabwalo akukoka sutikesi ya munthu wina,
teyala limodzi lathyoka,
akulankhula ndi manja onse awiri
moti sutikesiyo yagwa.
Mtsikanayo wangoti kakasi, wakumbatira chikwama pachifuwa,
akuyang'ana kumwamba kumene kukukana kuda.

Ketulo yawira.
Makiyi atsala makumi anayi ndi atatu,
ndipo basi ya ku bwalo la ndege yachedwanso.